Sipanala ya Botolo la Mpweya

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine kulibe, ndiyambe ndi kupepesa chifukwa cholimba mtima kugwira cholembera. Ine si munthu wolemba. Sukulu yanga inali ya kumudzi kwathu kwa Malemia, komwe tinkakhala pansi m'kalasi, ndipo zimene ndalemba moyo wanga wonse ndi malipoti a odwala, a mizere itatu basi. Mukapeza mawu okhota mundikhululukire. Koma mwakhala mukundifunsa chifukwa chake sindilankhula pa maliro, ngakhale a m'bale wanga weniweni, ndiponso chifukwa chake ndimachoka pakhonde munthu akayamba kupopa njinga. Pakamwa ndalephera kukuyankhani. Ndiye ndati ndilembe.

1982

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku chipatala china chosatalikirana kwambiri ndi kwathu. Dzina lake sindilemba, chifukwa anthu amene ndinkagwira nawo ntchito ankachita zimene akanatha, ndipo ambiri anatisiya. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wamanyazi kwambiri moti munthu wamkulu akandilankhula ndinkayang'ana nsapato zake. Kumapeto kwa wodi ya amayi kunali kachipinda ka mabedi anayi ka odwala mwakayakaya, kamene tonse tinkangokatchula kuti Sayidi. Masiku ano mumaona zipinda zotere zili ndi makina olira mbali zonse. Ife tinali ndi windo limodzi loyang'ana kuphiri, makina oyamwira makhololo opondera ndi phazi, zinsalu ziwiri zobiriwira zamatayala zotchingira bedi, ndi botolo limodzi la mpweya, lakuda, loyera m'mapewa, lalitali ngati ine. Botolo lachiwiri linalipo, koma nthawi zambiri linkakhala ku Blantyre kukadzazidwa. Potsegula ndi potseka botololi pankafunika kasipanala, ndipo popeza kanasowapo kamodzi, anakamangirira bandeji n'kulamula kuti kazikhala m'khosi mwa namwino woyang'anira Sayidi. Ukamaweruka unkavula n'kumuveka mnzako, ngati mkanda.

Woyang'anira wodi anali Sisita Kamwendo, mayi wamtali, wosaseka. Tsiku loyamba anandiveka sipanala ija ndi manja awo.

"Iyi isachoke m'khosi, ngakhale ukupita kuchimbudzi. Munthu akayamba kutsirizika, wachibale umutume kanthu panja, utchinge chinsalu. Sitifuna chiphokoso muno, odwala enawa amataya mtima. Ndipo namwino salira. Wamva?"

"Ndamva, Sisita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza kachipinda kotsukira mabeseni. "Ikakukakamiza misozi, ulowe umo. Utsegule mpopi mwamphamvu kuti asakumve. Mphindi ziwiri, usukusule, ubwerere pa ntchito."

Lamulo linali lakuti namwino azikhala mu Sayidi miyezi itatu, kenaka asinthidwe. Anzanga ankawerenga masiku, ikakwana miyezi yawo ankakaima pa tebulo la Sisita osasuntha mpaka awachotse. Ine miyezi itatu itakwana, Sisita anangoti, "Felesiya, upitirize pang'ono," ndipo ndinati, "Chabwino, Sisita." Ndinkafuna azindiona kuti ndine mwana wabwino. Pang'ono pamenepo panakhala zaka zisanu ndi ziwiri.

Kumudzi ankanyadira. Ndikatsika basi ya ku Liwonde pa Domasi Loweruka lililonse limene ndinali pa ofu, ndinkayenda ndi anthu mpaka kunyumba, wina akundionetsa chilonda, wina mapiritsi oti ndimuwerengere. Ankanditcha nesi wathu. Aliyense amene anali ndi wodwala kuchipatala ndinkamuyankha mawu amodzimodzi: "Musadandaule, ine ndilipo." Ndinkawanena mosaganiza, monga munthu amanenera moni.

Juni 1984

Mwezi umenewo kunazizira kwambiri, chiperoni chosalekeza, ndipo chibayo chinadzaza wodi. Lolemba lina m'mawa anabwera nawo a Nachisale. Muwadziwe a Nachisale. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, ndipo ndi amene anandisokera yunifolomu yanga yoyamba ya sukulu ndi manja, chifukwa agogo anu, mayi anga, analibe luso la singano. Mwana wawo Esinati anali mnzanga wa pamtima. Tinkawoloka limodzi mtsinje wa Domasi popita kusukulu, n'kumagawana chinangwa chimodzi. Pa nthawiyi Esinati ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ku Domasi, ndipo anapempha masiku kuti adzadikirire mayi ake.

A Nachisale anali atatupa miyendo kwa chaka, mtima utafooka, tsopano chibayo chinawonjezerapo. Tinawagoneka pa bedi la pawindo, ndinatsegula botolo n'kuwaika kapaipi m'mphuno. Patapita ola milomo yawo inabwerera mtundu, anayamba ndi nthabwala.

"Fele, chimphepo chakochi chikunditekenya m'mphunomu. Ndiye ntchito imene unaphunzira zaka zitatu ndi imeneyi, youzira anthu ngati moto?"

Esinati anaseka, kenaka ananditengera pakhomo. "Iwe, undiuze zoona. Chinthuchi akachichotsa angakhale?"

"Sachotsa. Sipanala ndi iyi, ili m'khosi mwanga. Usadandaule, ine ndilipo."

Lachinayi cha m'ma teni koloko m'mawa analowa nacho chithirole chonyamulira odwala chili ndi mtsikana wa ku Naisi, wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali atachira masiku awiri okha, khanda lili m'manja mwa apongozi ake, iye akupuma ngati nsomba yoponyedwa pamtunda. A Mandala, amene anali kiliniko ofesa koma tonse tinkawatchula a dokotala, anamumvetsera pachifuwa, anapita kukayang'ana kawotchi ka pabotolo koonetsa mpweya wotsala, kenaka anatiitanira ine ndi Sisita mu khonde. Lole yobweretsa botolo lina inali isanabwere.

"Agogowa mtima unatha kale, tikungowachedwetsa," anatero motsitsa mawu. "Mtsikanayu angathe kudzuka. Ali ndi khanda."

Sisita anatembenukira kwa ine. "Samutsa mpweya."

"Sisita, amenewa ndi mayi anga."

"Mayi ako ndimawadziwa, anandibweretsera mbatata mwezi watha."

"Ndi akwathu, Sisita. Ndinawalonjeza."

"Aliyense wagona muno ndi wa kwawo kwa munthu wina. Amene anakuuza kuti uzilonjeza ndani? Sipanala ili m'khosi mwa ndani?"

Ana anga, ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi, ndipo sindinena kuti a Mandala analakwa. Ndikanakhala ine dokotala mwina ndikananena chimodzimodzi. Chimene ndikufuna mumvetse ndi mmene ndinachitira. Ndinachita monga anandiphunzitsira. Ndinalowa ndikumwetulira, n'kuuza Esinati kuti, "Mayi akufunika kudya kanthu kofunda. Pita kukhitchini ya odikirira odwala ukawaphikire phala la mpunga, lamadzimadzi." Anatenga kapoto kake n'kutuluka. Ndinakoka chinsalu chobiriwira. A Nachisale anatsegula maso.

"Wabwera kudzanditembenuza, mwana wanga?"

"Eya, mayi."

Ndinaika sipanala, ndinapotoza. Kaphokoso kaja ka siii, kamene kanali m'chipindamo masiku anayi, kanaleka. Chipinda chinangoti zii. Anandiyang'ana.

"Yatha?"

"Tikungosintha botolo, mayi. Pompano."

"Chabwino," anatero, n'kutsinzina.

Ndinawachotsa kapaipi, ndinagubuduza botolo kupita nalo pa bedi la mtsikana uja. Nditaweramuka ndinaona ngati munthu wadutsa pawindo kunja, koma ndinadziuza kuti ndi wodikirira wina. Nkhuni zinali zonyowa tsiku limenelo, phala linachedwa. Pamene Esinati ankabwera ndi kapu yake, mayi ake anali atasiya kulankhula. Anaima ndi kapuyo m'manja, anayang'ana mayi ake, anayang'ana botolo lili pa bedi lina. A Nachisale anamwalira cha m'ma fili koloko masana. Ndine ndinawatseka maso, n'kuwamanga chibwano ndi bandeji. Kenaka ndinalowa kotsukira mabeseni, ndinatsegula mpopi mwamphamvu, ndinadikira. Msozi sunatuluke ndi umodzi womwe. Mphindi ziwiri zitatha ndinasukusula nkhope youma n'kubwerera.

Botolo lija linatha Lachisanu madzulo. Mtsikana wa ku Naisi anamwalira Loweruka. Lole inafika Lolemba.

Maliro a a Nachisale anali Loweruka lomwelo, ndipo Sisita anandilola kupita. Mukudziwa mwambo wa kwathu: m'busa asanalalikire, pamaimirira munthu kufotokoza mmene matenda anayendera, kuti anthu abwerere kwawo opanda mafunso mumtima. Amene anaimirira anali a Jemusi, mlongo wawo wa malemuwo, mwini mbumba. Anafotokoza za kutupa kwa miyendo, kenaka anati, "Za kuchipatala ine sindinganene bwino. Koma tili ndi mwayi, mwana wathu Felesiya analipo, ndi amene anawatseka maso. Abwere atiuze yekha." Sindinayembekezere. Amayi a mpingo anandikankha pamsana, ndinapita kukagwada pakati pa bwalo. Anthu onse amene ndinkawauza kuti ine ndilipo anali akundiyang'ana. Ndinati, "Madokotala anachita zonse zimene akanatha. Mayi anali pa mpweya mpaka mapeto. Anapita ngati munthu akugona." Bwalo lonse linayankha kuti zikomo. Esinati anali pamphasa pafupi ndi bokosi, atafunda chitenje kumutu. Anachikweza pang'ono, anandiyang'ana, n'kuchibwezeranso.

1985 mpaka 1988

Esinati sanandikalipire, sanauzenso munthu. Tikakumana kutchalitchi ankangoti, "Mwaswera bwanji, a nesi?" n'kudutsa. Ine ndinayamba kutsikira basi patali n'kudzera njira ya kumtsinje kuti ndisadutse pakhomo pawo, kenaka ndinasiya kupita kumudzi kupatula pa Khirisimasi.

Kuntchito ndinasanduka katswiri. Kusamutsa mpweya ndinakuchitanso kambirimbiri, sindinawerenge, ndipo ndinkatha kutuma wachibale, kutchinga, kutseka ndi kugubuduza botolo munthu asanazindikire. Anamwino atsopano ankawabweretsa kwa ine. Sisita ankawauza kuti, "Muzitengera Felesiya. Munamuonapo akulira?" Ndipo ndinkamva kukoma pondiyamikira choncho, ndikuulula. Koma chakudya chinasiya kundikomera, yunifolomu ndinaibweza kawiri kwa telala. Wodwala akachira achibale n'kumandithokoza, sindinkamva kanthu. Akamwalira, sindinkamvanso kanthu. Ndinali ngati mphika wong'ambika pansi.

Mu 1986 ndinakwatiwa ndi bambo anu, pa nthawiyo akuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Malosa. Anandigulira chitofu cha parafini chopopa, mphatso yamtengo wapatali masiku amenewo. Atachiyatsa koyamba n'kuyamba kulira siii, ndinapezeka ndili panja pansi pa mtengo wa mango. Anachibweza kusitolo osandifunsa zambiri. Anali munthu wofatsa, koma tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi, kunyumba kuno kumabwera thupi lokha. Inuyo mumatsala kuchipatala." Iwe Chikondi, mwana wanga woyamba, ukalira ndinkayamba ndakuwerengera mapumidwe, kenaka n'kukumbukira kuti mwana amafunika kumunyamula. Ukakumbuka kuti mayi ako anali ouma mtima uli wamng'ono, chifukwa chake ndi chimenechi. Sunalakwe kanthu.

Kamodzi kokha ndinalimba mtima kukagogoda kwa Metironi, mkulu wa anamwino onse, kukapempha kuti andichotse mu Sayidi.

"Wadwala chiyani?"

"Sindikudziwa, Metironi. Ndatopa mumtima."

"Mumtima? Bwera tikuyeze."

Anandimanga chopimira magazi pamkono, anati zonse zili bwino, anandipatsa aspirini ndi masiku awiri opuma. "Ndikakuchotsa ndiikamo ndani wogwira ngati iwe?" Ndinati, "Chabwino, Metironi." Sanali munthu woipa. Nthawi imeneyo panalibe dzina la chimene chinkandidwalitsa, ndipo panalibe khomo loti namwino n'kukagogoda nacho. Tsiku lina masana ndinalowa kotsukira mabeseni n'kupezamo Sisita Kamwendo, mpopi uli wotsegula, atagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja awiri, mapewa akugwedezeka. Sanatembenuke. Anangoti, "Tseka chitseko, Felesiya." Ndinatseka. Sitinakambiranepo mpaka anapuma pa ntchito.

Malichi 1989

Pofika chaka chimenecho tinali titayamba kulandira anthu a msinkhu wathu, owonda, otsokomola, odwala matenda amene palibe ankawatchula dzina mokweza. Mwamuna wa Esinati anali atamwalira chaka chapitacho. Lachisanu lina ndikulowa mu Sayidi m'mawa, ndinapeza pa bedi la pawindo pagona mayi amene sindinamuzindikire mpaka nditawerenga dzina pa fayilo. Womudikirira anali mng'ono wake Mele. Ndinatsegula botolo, ndinamuika kapaipi m'mphuno. Atapeza mphamvu anandikodola.

"Fele."

Ndinagwada pafupi ndi bedi.

"Tsiku lija ndinaiwala machesi. Ndinabwerera, ndinaima pawindo apa. Ndinakuona ukugubuduza botolo."

"Esinati, panali mtsikana, anali ndi khanda, a dokotala anati..."

"Ndinamuona. Khala chete, ndilibe mphamvu zolimbirana mawu." Anapuma kwa kanthawi. "Ndinakuona, koma ndinati Fele akudziwa chimene akuchita, mwina akukasintha. Ndinabwerera kukasonkhezera moto. Maola awiri, Fele, ndikuuzira nkhuni zonyowa, mayi anga akadali okhoza kulankhula. Ukanawafunsa akanati mupatseni mwanayo. Umawadziwa. Ine ndikanakhala pano n'kuwagwira dzanja. Koma unandituma phala ngati kamwana. Ndiye pamaliro n'kukagwada pamaso pa anthu."

Ndinaika chipumi pa chitsulo cha bedi n'kufunsa kuti, "Ungandikhululukire?"

"Zimenezo usandifunse, ndatopa. Ine ndikudziwa kuti pano sindidzuka, ndipo abwera wina wofuna chinthuchi. Tsiku limenelo usamutume Mele kukhitchini. Usatchinge chinsalu. Ubwere undiuze pamaso. Ndi chokhacho."

Tsikulo linafika Lachiwiri, cha m'ma naini koloko m'mawa. Anabwera naye mwana wa zaka zinayi, chikuku chitamugwera m'chifuwa, ndipo ku wodi ya ana kunalibe mpweya. A Mandala anayang'ana kawotchi kaja, anayang'ana ine. Sisita anati, "Mutume mng'ono wakeyo, utchinge."

"Iyayi, Sisita."

Aka kanali koyamba kuwayankha choncho. Ndinaitana Mele kuti akhale pabedi agwire dzanja la mkulu wake. Ndinagwada, odwala ena atatu ndi achibale awo akuona.

"Esinati, nthawi ija yakwana. Kwabwera mwana."

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamkazi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tseka."

Ndinatseka. Mele analira mokweza, achibale a odwala ena nawonso analira, chiphokoso chimene Sisita ankachiopa chija chinachitikadi. Nditamuika mwana uja pa mpweya ndinabwerera kudzakhala mbali ina ya bedi. Esinati anauza Mele za ana ake, yemwe adzawatenge ndi kumene kuli mapepala awo a sukulu. Ine sanandilankhulenso. Anamwalira dzuwa litangopendeka. Mwana uja anachira, anatuluka patatha sabata ziwiri. Ndinkayembekezera kuti zimenezo zinditonthoza, koma sizinatero.

Poweruka tsiku limenelo sindinaveke sipanala m'khosi mwa mnzanga. Ndinaivula n'kukaiika pa tebulo la Sisita. Bandeji yake inali itada ndi thukuta langa.

"Sindithanso, Sisita. Mukafuna mundichotse ntchito."

Anaitenga, anaivala okha. Sabata yotsatira ananditumiza ku sikelo ya ana, komwe ndinagwira mpaka kupuma, ndipo mu Sayidi sindinapondemonso.

Pa maliro a Esinati anaimiriranso a Jemusi omwe aja, atakalamba, atagwira ndodo. Ananenanso kuti tili ndi mwayi, mwana wathu Felesiya analipo. Ndinakagwada pamalo pomwe paja. Ndinati, "Esinati ndinamuchotsa mpweya ndine, n'kupatsa mwana wodwala chikuku. Ndinamuuza, anavomera. Mayi ake, a Nachisale, ndinawachotsanso ndine, koma iwo sindinawauze, ndinawanamiza kuti tikusintha botolo. Mwana wawo ndinamutuma kukaphika phala kuti asaone. Ndipo pabwalo pano ndinakunamizani nonse." Palibe anayankha kuti zikomo. M'busa anachedwa kuimirira, mpaka amayi a mpingo anayambitsa nyimbo kuti atseke chetecho. Agogo anu aja anandidzutsa pondigwira pamkono. Misozi inabwera pamenepo, pagulu, popanda mpopi wobisira, ndipo sinaleke mpaka kumanda.

A Jemusi sanandipatsenso moni mpaka imfa yawo. Ena ankati nesi uja wapenga, ena anasiya kundionetsa zilonda zawo. Mele yekha, patapita zaka, ndi amene ankabwera ndi ana a Esinati kudzandiona. Ngati Esinati anandikhululukira sindikudziwa, ndipo kulibe wondiuza. Koma chiyambire tsiku limenelo sindinauzenso munthu kuti asadandaule ine ndilipo, ndipo sindinalankhulenso pa maliro a munthu aliyense, chifukwa zonse zimene ndinali nazo zoti ndinene ndinazinena pamenepo. Linali Lachinayi, pa 16 Malichi 1989.